Namiono ndi Madzi a Padenga

Fungo limene limandibweretsera agogo anga aamuna, a Namakhwa, si la fodya wawo kapena la nsomba zimene ankayanika, koma la madzi a mvula otsika padenga la udzu. Amene sanagonepo m'nyumba ya udzu sangalidziwe. Denga lakale limakhala litamwa utsi wa zaka zambiri, ndiye mvula ikaligwera madzi ake amatsika ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, akununkhira mwaye, udzu wonyowa, ndi kenakake kokoma kamene mpaka lero sindinakapezere dzina. Kwathu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, chakumtunda kwa doko la Kachulu, madzi amenewo aliyense ankangowasiya kuti azikumba ngalande m'mbali mwa khonde. Agogo okha ndiwo anawaikira bwato.

Linali bwato lakale logoba ku mtengo umodzi, long'ambika kumphuno, limene linatopa ndi nyanja ine ndisanabadwe. Analiguza mpaka kuseri kwa nyumba, n'kulikhazika pa miyala pamene denga linkadonthezera, pomwe dzuwa linkafika mmawa mokha. M'bwatomo simunkasungidwa nsomba, simunkachapidwa nsalu, ndipo bakha akangoyerekeza kusuzumiramo ankaona zakuda. Munkakhala mlendo mmodzi yekha, amene agogo ankamutcha Namiono.

Namiono anali chomera cha m'madzi. Analibe mizu, analibenso tsinde loti n'kuimirira nalo. Ankangoyandama pansi pang'ono pa madzi, zingwe zobiriwira zazitali za timasamba tofewa ngati tsitsi la khanda. Pakati pa timasambato panali timatumba tambirimbiri, tating'ono ngati njere za mawere, tina toyera toonekera mkati, tina takuda. Agogo anali mmisiri woluka miono, misampha ya nsomba ija ya nsungwi yokhala ndi khomo lolowera koma yopanda potulukira, ndipo ankanena kuti timatumbato ndi timiono tenitenti: toyerato n'totchera kumene, takudato tagwira kale. N'chifukwa chake anamupatsa dzina limenelo, ndipo ankamulankhula mwaulemu ngati mmisiri mnzawo.

Ankati anakumana naye m'dambo, m'tinjira ta madzi todutsa pakati pa njeza, udzu wautali uja umene umazinga nyanja yathu. Tsikulo ankavuula mono, n'kuupeza utakutidwa ndi zobiriwira, ndipo pozikoka kuti azitaye anamva zikuthetheka m'manja mwawo ngati udzu wouma ukamayamba kugwira moto. Munthu wina akanataya n'kupitiriza ntchito. Agogo anakhala pansi m'bwato mpaka dzuwa kufika pamutu, nsomba zikuvunda, iwo akungotukula n'kumvetsera, kubweza m'madzi, kutukulanso. Anafika kunyumba atanyamula chipanda chodzaza zinyalala za m'dambo, ndipo agogo aakazi, Anangondo, anawafunsa ngati ndiwo za tsikulo zinali zimenezo.

Ine ndinawapeza atakhalitsa naye kale. Zinali zaka za m'ma 1950, njala yaikulu ija itangodutsa, ndili kamtsikana kosatha n'komwe kusenza mtsuko popanda kugwirira. Amayi akandituma mmawa kukasesa kwa agogo, tsache linkathera pakhonde. Agogo ankatenga mbale yoyera yachitsulo, yokhayo m'nyumbamo, n'kutungiramo madzi pang'ono ndi kachingwe kamodzi ka Namiono, n'kundiuza kuti ndigone chafufumimba ndiyang'ane. Poyamba sindinkaona kanthu. Kenako maso akazolowera, mbaleyo inkasanduka nyanja yathunthu: tizilombo tochepa kuposa nsabwe tikudumphadumpha, timphutsi ta udzudzu tikudzipinda n'kudziwongola, kuwala kwa dzuwa kukugwedezeka pansi pa mbale. Kamphutsi kankayandikira kathumba, n'kukhudza pakhomo, ndipo usanaphethire kanali katalowa kale mpaka pakati, mchira wokha ukupirikita panja. Ndinkaiwala kupuma. Kutali kunkamveka minsi ya amayi osinja mpunga, akakowa ankadutsa pamwamba kupita kunyanja, utsi wa okazinga matemba unkabwera ndi kamphepo n'kupitirira, koma zonsezo zinkakhala ngati zikuchitika kumudzi wina.

"Waona, mkazi wanga?" ankatero agogo, poti ndi mmene ankanditchulira mwanthabwala, monga agogo amachitira ndi adzukulu awo aakazi. "Ine mono umodzi ndimauluka mpaka msana kuwawa. Uyu amaluka yosawerengeka ali chigonere, osadula nsungwi, osabayidwa ndi kanthu. Ameneyu anamuphunzitsa yekha Mulungu."

Kasamalidwe kake kanali kachilendo, kosemphana ndi zonse zimene tinkadziwa zakumunda. Sankafuna manyowa. Bambo anga atayesa kumuchitira chifundo ndi kandowe ka ng'ombe, madzi anadzaza ndere, ndipo agogo anatha masiku akuzichotsa ndi nthenga ya tambala, osamulankhula mkamwini wawoyo. Sankafuna madzi a kunyanja, chifukwa a Chilwa ali ndi mchere, ndipo iye amakhala kokha kumene mitsinje imathira m'dambo. Ngakhale a pachitsime chathu ankamufooketsa. Ankafuna a mvula basi, ndi masamba ouma a njeza oti aziwola pansi pang'onopang'ono. Ankakula kutsogolo uku kumbuyo akufota, moti ukamusiya kumphuno kwa bwato unkadzamupeza atasamukira mbali inayo popanda amene wamuona akuyenda. Mvula ikamapita kumapeto ankatulutsa timitengo pamwamba pa madzi, kalikonse katakhala pa timitanda toyera tofufuma tokayandamitsa, ndipo kunsonga kwake kunkatuluka timaluwa tachikasu. Masiku amenewo agogo kunyanja sankapitako, miono inkadzionera yokha.

Anangondo anali mayi wamfupi, wa lilime lakuthwa ndi manja osadziwa kukhala chete, mbadwa ya pamudzipo, wolima mpunga kuyambira ali namwali. Bwato lija ankalitcha nyumba ya mkazi mnzawo. Chakudya chikapsa ankaima pakhomo n'kundituma mokweza, kuti a kuseriwo amve, kuti ndikawafunse amuna anga ngati akazi awo a m'madziwo awaphikira. Ankadandaula kuti iwo anakwatiwa kutchalitchi ndi mwamuna wa mkazi mmodzi, koma pano akazi alipo iwo, ine ndi wa m'bwatoyo, ndipo mwa tonsefe wogwira ntchito ndi mmodzi yekha. Sindinawaonepo akusuzumira m'bwatomo. Akamadutsa ankachita kuyang'ana kumbali, n'kutsonya.

Chimene agogo ankanyadira kwambiri, kuposa ngakhale miono yawo, chinali kamatidwe ka bwatolo. Miyezi yotentha, zithaphwi zonse zitauma, nthaka itang'ambika, madzi a m'bwato ankatsika ndithu koma sankatha. Agogo ankati chinsinsi chake ndi phula la njuchi losakaniza ndi sanza ndi utomoni, m'njira imene anaitulukira okha. Mbiri inafika mpaka ku Kachulu, ndipo asodzi ankabwera kudzawapempha kuti akawamatire mabwato awo. Ankapita mosangalala, n'kumata ndi mtima wonse, ndipo mabwatowo ankapitiriza kulowa madzi monga kale. Agogo ankati eni akewo ndiwo sadziwa kuguza bwato pagombe.

Anangondo anamwalira mvula ikupita kumapeto, mpunga utayamba kuwerama ndi ngala. Anadwala malungo masiku ochepa chabe. Dzulo lake la kudwalako anali akupirikitsa mbalame kumunda, akuzitukwana mayina, ndipo palibe amene anakhulupirira kuti mawu amenewo angathe msanga chotero. Ndinalira mpaka mawu kundithera, ngakhale kuti anali agogo amene ankandikalipira kuposa munthu wina aliyense.

Pamaliro agogo aamuna anasowa chochita ndi manja awo. Sankalira mokweza, sankathanso kukhazikika pamphasa. Mmawa mwake titaika, anthu akadali pamudzi, anayamba kukoka mmodzimmodzi amene abwera kudzawapepesa n'kupita nawo kuseri. Ndikhulupirira ankangofuna kulankhula za chinthu chimene chinali chikadali ndi moyo. Anawaonetsa mbale yoyera ija, anawaonetsa kamphutsi kakumezedwa, n'kuwafotokozera monyadira kuti chomerachi chimadya zamoyo. Ndipo pofuna kukumbukira akazi awo mokoma, anawonjezera kuti malemu ankachitcha mkazi mnzawo, sankafuna n'kuchiona komwe. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu, n'kubwerera kumphasa.

Sipanapite nthawi, nkhani inali itazungulira zitsime zonse. Munthu wochokera kum'mawa, kudziko la Apwitikizi kumene ankati kuli mankhwala oopsa, akuweta chinthu chodya zamoyo m'madzi amene sauma ngakhale m'chilimwe. Mkazi wake ankadana nacho, ndipo wafa mwadzidzidzi chinthucho chikuchita maluwa. Tonse tinali Akhristu, choncho palibe amene anatchula za ufiti poyera. Koma anzanga analeka kubwera kudzasewera pabwalo pathu, ndipo amayi akafika pachitsime nkhani inkasanduka ya mpunga.

Kwathu mwamuna amakhala kumudzi kwa mkazi wake. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi achibale amasonkhana kudzamusudzula mwamunayo, ndiye kuti kumumasula kuti abwerere kwawo. Nkhalamba imene yalera ana pamudzi nthawi zambiri amaiuza kuti ikhale, isunge adzukulu, koma zimatengera mtima wa mwini mbumba. Vuto linali lakuti agogo kwawo kunalibe. Anawoloka malire ali kamnyamata, atagwira nsalu ya mayi awo, akuthawa ntchito yokakamiza, ndipo dzina la mudzi wawo ankalitchula mosiyanasiyana malinga ndi tsiku. Mayi awowo anagona pa esiteti ina kumene anthu ake anabalalika kalekale. Kuwasudzula kuti apite kunali kuwauza kuti akafere panjira, ndipo ngakhale ine mwana ndinkadziwa zimenezo.

Mwini mbumba anali a Bitoni, mlongo wamng'ono wa Anangondo, amene ine ndinkawatchanso agogo. Sanali munthu woipa. Anali mlimi wofatsa, wa maso onyowanyowa, wokonda kuimba kutchalitchi ndi mawu aakulu osagwirizana ndi anzawo. Mayi awo anamwalira iwo ali wakhanda, ndipo anakulira kumsana kwa Anangondo. Imfa imeneyi inawathyola, ndipo zonena za anthu zinkawalowa m'mutu ngakhale ankachita nazo manyazi.

Anasonkhana titakolola mpunga, pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo. Zambiri zinali za mwambo, za mphasa, makasu ndi miphika ya malemu, ndipo ana tinkaonerera chapatali. Pamapeto a Bitoni anakonza kukhosi, maso ali pansi.

"Alamu, ine sindikunena kuti munachita kanthu," anatero. "Koma mtima wanga sukukhazikika, ndipo anthu sakundipatsa mpata wopuma. Chinthu chija chichoke, inu mukhale, musunge anawa. Chikakhala, ndiye tikusudzulani mupite nacho."

Amayi anayamba kunena kuti atsibweni, ababawa akalamba, koma a Bitoni anawaletsa ndi dzanja. Agogo anayang'ana cha kuseri kwa nyumba. Ndinachita mantha enieni kuti asankha Namiono, ndipo pamodzi ndi manthawo ndinamva nsanje imene ndinali ndisanaimvepo. Kenako anatembenuka, n'kundifunafuna ndi maso mpaka kundipeza pamene ndinabisala kumbuyo kwa mtondo. Anavomera kuti Namiono achoke. Anangopempha chinthu chimodzi: asamukhuthulire pansi ngati madzi otsukira mbale, koma amubweze kumene anamutenga, ndipo alamu awowo apite nawo akaone ndi maso awo.

Tinanyamuka mmawa nkhungu isanachoke. Bwato linali la a Bitoni, limodzi mwa aja anamata agogo, choncho ine anandipatsa chikho kuti ndizikapa madzi, mtsuko wa Namiono uli pakati pa miyendo yanga. Tinalowa m'kanjira ka pakati pa njeza, ndipo dziko lonse linatsekeka. Mbali zonse kunali udzu wotalika kuposa nyumba, ukukhudzana pamwamba pathu, mame akutigwera m'khosi. Kunalibe mphepo, kunalibe gombe, kunalibe kum'mawa kapena kumadzulo. Kunkangomveka nsungwi ya a Bitoni ikulowa m'matope n'kutulukamo, ndi mbalame ina yosaoneka imene inkalira ngati ikuthira madzi m'botolo. Ndinawodzera kangapo, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ulendowo unali wautali bwanji.

Kenako njeza zinatseguka, tinatulukira pa dziwe lalikulu la madzi odikha, akuda, ndipo dziwe lonselo linali lachikasu. Timaluwa tija tinali paliponse, kuchokera pamphuno pa bwato mpaka kumene nkhungu inkathera, kalikonse kataima pa timitanda take, tonse tikugwedezeka pang'ono ndi funde la bwato lathu. Ine ndinkaganiza kuti Namiono alipo mmodzi padziko lonse, wa agogo. A Bitoni anasiya kukankha. Anaviika dzanja, n'kutukula chingwe chachitali chikudontha, n'kunena motsitsa, ngati akudzilankhulira okha, kuti zimenezi zimawakola m'miyendo chaka chilichonse kumunsi kwa munda wawo wa mpunga. Agogo anatambasulira manja kumtsuko. Mawu anali atanenedwa kale pamaso pa anthu, ndipo onse awiri ankadziwa kuti sangabwezedwe m'dambo.

Anatenga mtsuko, n'kuupendeketsa pang'onopang'ono mpaka pakamwa pake kumira, ndipo Namiono anatuluka yekha, n'kutambasuka m'madzi akudawo.

"Pitani, mayi," anatero agogo. "Simunalakwe kanthu. Inu kwanu kulipo."

Pobwerera ine ndinkangokapa madzi.

Agogo anakhala, ndipo anzanga anayambanso kubwera pabwalo. Koma munthu amene anatsala nafeyo sanali yemwe uja. Ankaluka mono n'kuusiya pakati, ankadya akakumbutsidwa, ndipo mbale yoyera ija amayi anayamba kupakuliramo ndiwo. Madzi amene anatsala m'bwato sanawataye, ndipo chaka chimenecho, kwa nthawi yoyamba, anauma chilimwe chisanafike n'komwe pachimake. Pansi panatsala matope ong'ambika ndi masamba a njeza. Anthu ankati mwaona, mankhwala achoka. Agogo ankayenda mozungulira bwato akuligogoda ndi chala, akudabwa kuti phula lawo lathera pati mphamvu.

Mwezi wotentha kwambiri uja, mitengo ya mango itayamba kugwetsa tiana, nkhuku ya amayi inayamba kuikira kobisika. Ndinaitsatira mpaka pansi pa nkhokwe yakale ya Anangondo, imene inali isanagwetsedwe chifukwa munali mukadali mpunga wa mbewu. Ndinakwawa chafufumimba mumdima wozizira, wonunkha fumbi ndi chitosi, ndipo m'malo mwa mazira dzanja langa linagunda chinthu chozungulira. Panali pakamwa pa mtsuko wokwiriridwa m'nthaka mpaka m'khosi, wovindikira ndi phale, womata ndi dothi mozungulira. Pafupi pake panali wina, ndi winanso, mpaka kumbuyo kwenikweni kwa nkhokwe.

Amayi anafukula umodzi, n'kuutulutsira poyera, n'kugumula dothi lija mwamantha. Munali madzi okhaokha, ozizira, ofiirira. Agogo anabwera akukoka miyendo, anawerama, ndipo asanawakhudze n'komwe ndinaona mphuno zawo zikutukuka. Fungo linali litatifika kale tonse: mwaye, udzu wonyowa, denga lathu lomwe lija nthawi ya dzinja.

Amayi ndiwo anayamba kulumikiza. Anati kuyambira kale, miyezi yotentha, ankawaona mayi awo mbandakucha, ababa atangopita kukaona miono, akuzungulira kuseri kwa nyumba atabisa chipanda m'nsalu, ndipo iwo ankayesa kuti akupita kukasamba. Anatinso mvula ikamagwa, Anangondo ankatchera miphika mbali ina ya denga, n'kumati ndi madzi otsukira tsitsi, koma tsitsilo sankaliona likutsukidwa.

Agogo anakhala pansi pafumbi pomwepo. Anayang'ana mtsuko, anayang'ana bwato, n'kunena mawu atatu okha, akuti ndiye phula lija. Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, mpaka kusekako kunasanduka china, ndipo analira maliro onse amene sanalire tsiku loika. Ine ndinawagwira mkono. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akumva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo zinandiopsa.

Kudambo sanapiteko kukatenga Namiono wina, poti anali atalonjeza. Koma madziwo anakana kuti amwedwe kapena achapire kanthu. Mmawa uliwonse ankatunga chipanda chimodzi n'kukathira m'bwato louma lija, pamatope, monga mmene Anangondo ankachitira, ndipo ankati akungomaliza ntchito imene anzawo anaisiya. Matope anafewa, kumapeto kwa bwato kunakhala kathaphwi, kenako mvula yoyamba inagwa denga n'kuyambanso kudontheza. Maso a agogo anali atayamba kuchita khungu, choncho ndine amene ndinaona, tsiku lina ndikusuzumiramo mwachizolowezi: kachingwe kobiriwira, kafupi kuposa chala changa, kali ndi timatumba take toyera. Kaya njere zinagona m'matopemo chilimwe chonse, kaya kanabwera kumapazi a mbalame, sindidziwa.

Sindinasangalale. Ndinakumbukira mawu a pansi pa mango aja, akuti chikakhala mupite nacho. Ndinawapempha agogo kuti tikataye msanga anthu asanaone, kapena tivindikire bwato ndi mphasa. Anakana zonse ziwiri. Anati iwo pamudzi pa eni sanabisepo kanthu, ndipo anandituma kuti ndikaitane alamu awo. Ndinayenda ulendo umenewo ndikulira, ndikuona m'maganizo agogo atasenza mphasa yawo akulowera kum'mawa.

A Bitoni anali atamva za mitsuko ija koma anali asanabwere kudzaiona. Agogo sanayambe ndi bwato. Anawapatsa kaye chidutswa cha dothi lomatira mtsuko uja, chimene anachisunga pamwamba pa khomo. Padothipo panali madindo a zala, mzere wonse, ndipo chala chachikulu chinali ndi mng'alu pakati. Anangondo anabayidwa ndi munga wa mlamba ali mtsikana, chalacho n'kupola chogawanika, ndipo anabayidwa akukonzera nsomba kamlongo kawo komweka. A Bitoni analowetsa chala chawo m'dindomo. Kenako anapita okha kubwato, anawerama, anatukula kachingwe kaja mosamala n'kukaika pakhutu. Tonse tinakhala chete mpaka kumva madzi akudontha padenga. Sindikudziwa ngati kanthu kakang'ono choncho kanathetheka, koma iwo anamvetsera nthawi yaitali asanakabweze.

"Alamu, ine ndinathamangitsa wanu uja, ndipo munamuperekeza ine ndikuona," anatero. "Uyu wamera ndi madzi a achemwali anga. Ameneyu sindingamukhudze, ndipo wofuna kulankhula abwere kwa ine."

Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, ndipo pofuna kusintha nkhani anadandaula kuti bwato lawo likulowabe madzi, mwina alamu akalione.

"Pitani nalo kwa wina, alamu," anatero agogo. "Ine kumata sindidziwa."

Agogo anakhala nafe mpaka tsiku lawo, ndipo anagona pafupi ndi Anangondo, m'manda a mudzi umene sanabadwiremo. Zaka zawo zomaliza, maso atatheratu, ndinkawatukulira Namiono n'kuwaikira pakhutu, iwo n'kumamwetulira, n'kumandiuza kuti amisiri ali pa ntchito. Mvula ikamagwa ankandikumbutsa kuti nditchere miphika, ndipo nthawi zonse ankawonjezera kuti ndimate bwino, ngati mmene ankamatira mwini wake.

Lero ndimakhala pafupi ndi Songani, m'nyumba ya malata, ndipo ndakalamba kuposa mmene agogo analiri nthawi imeneyo. Kuseri kwa nyumba ndili ndi beseni lalikulu, ndipo muli Namiono amene mwana wa mchemwali wanga ananditengera kudambo m'botolo. Adzukulu anga amaseka kuti agogo akuweta udzudzu, ndipo ndikawapatsa mbale yoyera amayang'ana pang'ono n'kuthamangira zina. Madzi a pamalata ndi oyera, alibe fungo, choncho ndimawotcha kaudzu n'kuponyamo kuti afanane ndi aja, ngakhale safika. M'dzinja ndimadzaza zigubu n'kuzibisa pansi pa bedi. Chilimwe chikafika ndimadzuka anthu asanadzuke, n'kutunga kapu imodzi, ndipo ndimadzipeza ndaibisa m'nsalu pozungulira kuseri, ngakhale palibe amene ndikumubisira. Ndikathira ndimatsonya kamodzi, kuti Anangondo adziwe kuti ndinawamva, kenako ndimatukula kachingwe n'kukaika pakhutu.